AI yatsika mtengo, nanga mabizinesi ang'onoang'ono akutsaliranji?

Pa 30 Novembala 2022 kampani ya OpenAI ya ku America inatulutsa ChatGPT, pulogalamu yomwe munthu amailembera funso m'mawu a tsiku ndi tsiku, iyo n'kumuyankha ngati akucheza ndi mnzake. Pomwe miyezi iwiri inkatha, oigwiritsa ntchito anali atafika pafupifupi 100 miliyoni. Nzeru zochita kupanga za makompyuta, zomwe aliyense amangoti AI, sizinayambe tsiku limenelo. Akatswiri anazikhalira pansi koyamba monga phunziro lapadera pamsonkhano wa ku Dartmouth College, sukulu ya ukachenjede ya ku America, mu 1956, ndipo mabanki akhala akuzidalira kwa zaka zambiri pogwira akuba ndalama za m'makadi. Chomwe chinasintha mu 2022 n'chakuti chida chomwe kale chinkalira gulu la akatswiri ndi ndalama zankhaninkhani chinalowa m'foni ya munthu wamba, china chaulere, china cholipira pamwezi.

Munthu akanayesa kuti oyamba kuchithamangira adzakhala eni mabizinesi ang'onoang'ono, poti iwo ndi omwe sangakwanitse kulemba akauntanti, wotsatsa malonda, wolemba makalata ndi woyankha mafoni aliyense payekha. Kawirikawiri ntchito zonsezi zimagwera munthu mmodzi, mwini wakeyo, yemwe amagona mochedwa akuwerengetsa za tsikulo. Koma ziwerengero zikunena zina. Eurostat, nthambi yotolera ziwerengero ya European Union, inapeza kuti mu 2024 makampani akuluakulu 41 mwa 100 aliwonse ankagwiritsa ntchito AI. Apakati anali 21 mwa 100, ndipo ang'onoang'ono anali 11 okha. Kalemberayu sanawerenge n'komwe timabizinesi ta antchito osakwana 10, tomwe ndi tochuluka kuposa ena onse. Ku America, kafukufuku wa US Census Bureau anasonyeza kuti kumayambiriro kwa 2024 mabizinesi omwe ankagwiritsa ntchito AI popanga katundu kapena potumikira makasitomala anali pafupifupi 5 mwa 100. Awa ndi mayiko omwe magetsi ndi intaneti si nkhani yodandaulitsa.

Kutsalira kumeneku si kwa mwini bizinesi yekha. World Bank imati mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati ndi pafupifupi 90 mwa mabizinesi 100 aliwonse padziko lapansi, ndipo amalemba ntchito anthu oposa theka la onse ogwira ntchito. Makampani akuluakulu akamatsitsa mitengo ndi kufulumiza ntchito chifukwa cha AI, aang'ono ali chiimire, ovutika ndi anthu ochuluka omwe amadyera m'mabizinesi aang'onowo. Tisaiwalenso kuti gululi ndi lalikulu mosokoneza. Ku European Union bizinesi ya antchito osafika 50 ndiyo yaing'ono, ya osafika 250 ndi yapakati. Fakitale ya antchito 200 yokhala ndi munthu woyang'anira makompyuta singafanane mavuto ndi telala wa antchito atatu, ngakhale onse amaikidwa m'thumba limodzi.

Tikamati bizinesi ikugwiritsa ntchito AI, pali zinthu zosiyana zomwe timazisakaniza. Pali AI yobisika m'mapulogalamu omwe anthu ali nawo kale, monga ija yomwe imapatula maimelo achinyengo, yomwe imasankha anthu oti aone malonda anu pa Facebook, kapena yomwe imawerenga chithunzi cha lisiti n'kulowetsa manambala m'buku la ndalama. Ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa, ndipo akafunsidwa amati sanaikhudzepo. Pali AI yolosera, yomwe imayang'ana zomwe bizinesi yagulitsa m'mbuyomu n'kunena katundu amene angathe msanga kapena kasitomala amene angachedwe kubweza ngongole. Ndiye pali iyi yatchukayi, yolemba mawu ndi kupanga zithunzi, monga ChatGPT, Gemini ya Google, Claude ya Anthropic ndi Copilot ya Microsoft.

Yomalizayi iyenera kumvetsedwa bwino mmene imagwirira ntchito, chifukwa ubwino wake ndi kuipa kwake zimachokera malo amodzi. Inaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka kwambiri, ndipo luso lomwe inatengamo ndi lolosera mawu oyenera kutsatira pa mawu omwe alipo kale. N'chifukwa chake imalemba kalata yosalala m'kamphindi, imafupikitsa chikalata cha masamba 30 kukhala ndime zitatu, imasandutsa mfundo zosokonekera kukhala ndondomeko yomveka. Koma si kaundula wa zoona. Ikafika pomwe ilibe yankho, ikhoza kupeka lomveka bwino n'kulinena mosadodoma, mmene imanenera zoona. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo AI ndi mlendo woteroyo, koma kalumo kakuthwa kamachekanso mwini wake akagwira mosasamala.

Funso loti bwanji aang'ono akutsalira limayankhidwa msanga kuti ndi ndalama. Muli choona pang'ono. Microsoft itatulutsa Copilot ya mabizinesi mu Novembala 2023, mtengo unali madola 30 pa munthu aliyense pamwezi, ndipo kampani inkayenera kugulira anthu osachepera 300, zomwe zinatsekera panja bizinesi iliyonse yaing'ono. Lamulo la anthu 300 lija linachotsedwa mu Januwale 2024, ndipo lero zida zambiri zamphamvu zikupezeka pamtengo womwe bizinesi yoyenda bwino ingakwanitse. Ineyo ndikuona kuti mtengo wa pulogalamu ndi vuto laling'ono pa onse. Vuto lenileni lili m'mabuku a bizinesiyo ndi m'nthawi ya mwini wake.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa masipeya a galimoto. Mwini wake wamva zoti AI ikhoza kumuuza katundu woti aode ndi kuchuluka kwake, kuti mpamba usamagone m'mashelefu. Izi n'zotheka, koma AI iyenera kupatsidwa mbiri ya malonda. Akatsegula mabuku apeza kuti fyuluta imodzi yomweyo inalembedwa mitundu itatu, wina analemba dzina lonse, wina anafupikitsa, wina analemba nambala ya pakatoni yokha. Kompyuta iona zinthu zitatu zoyenda pang'onopang'ono, pomwe ndi chinthu chimodzi choyenda kwambiri. Malonda a ngongole ali m'kope lina, maoda ena anabwera pa WhatsApp osalowa m'buku lililonse, ndipo mitengo yapadera ya makasitomala akale ili m'mutu mwa mwini sitolo. Choopsa kwambiri ndi masiku omwe katundu anatha. M'buku, masabata atatu omwe fyulutayo kunalibe amaoneka ngati masabata omwe palibe anaifuna, chifukwa palibe amalemba kasitomala amene wabwerera chimanjamanja. AI yodyetsedwa mbiri yotere ilangiza kuoda zochepa, katundu athanso, ndipo buku lionetsanso kuti ofuna ndi ochepa. Pulogalamu siinalakwe masamu, yangowerengetsa bwino zinthu zolakwika.

Kampani yaikulu inathana ndi zimenezi zaka zambiri zapitazo, pamene inkaika katundu aliyense pa nambala yake n'kulemba anthu oti azisamala data, kutanthauza zolembedwa zonse za malonda ake. AI itafika inapeza pokhala pokonzedwa kale. Bizinesi yaing'ono iyenera kuyamba yakonza mabuku, ntchito yotopetsa yomwe siibweretsa ndalama mwezi umenewo, ndipo woigwira ndi yemwe uja ali kale ndi makasitomala pakhomo. Otsatsa mapulogalamu a AI sakonda kutchula gawo limeneli.

Pali kafukufuku muwiri yemwe ndimaona kuti akaikidwa pamodzi amafotokoza nkhaniyi kuposa malonda onse otsatsa AI. Woyamba anachitidwa ndi Erik Brynjolfsson wa ku yunivesite ya Stanford pamodzi ndi Danielle Li ndi Lindsey Raymond a ku yunivesite ya MIT, ku America, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2023. Anatsatira antchito oposa 5,000 omwe ankayankha mafunso a makasitomala pa intaneti m'kampani ya mapulogalamu a kompyuta. Atapatsidwa AI yowanong'oneza mayankho, nkhani zomwe ankamaliza pa ola zinakwera ndi 14 peresenti. Chodabwitsa chinali choti opindula kwambiri anali ongoyamba kumene ntchito ndi ofooka, omwe anakwera ndi 34 peresenti, pomwe akatswiri akale sanasinthe kwenikweni.

Wachiwiri anachitikira ku Kenya, komwe ofufuza a ku Harvard Business School ndi University of California, Berkeley, anagwira ntchito ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono 640. Ena mwa iwo anapatsidwa mlangizi wa AI pa WhatsApp, woti azimufunsa chilichonse chokhudza bizinesi. Patapita miyezi, atawerengetsa onse pamodzi, sipanaoneke kusintha kwenikweni pa ndalama zolowa ndi phindu. Koma atawagawa, anapeza kuti omwe mabizinesi awo ankayenda bwino kale anapindula, ndipo omwe ankavutika kale zinthu zinawaipira.

Bwanji AI inakweza ofooka kwina n'kuwagwetsa kwina? M'kampani ya mapulogalamu ija mafunso anali a mtundu umodzi, obwerezabwereza, okhala ndi mayankho odziwika, ndipo AI inaphunzitsidwa ndi zokambirana zakale za kampani yomweyo. Inkangotenga luso la antchito abwino n'kupatsira atsopano. Ku Kenya amalonda ovutika ankabwera ndi mavuto olemera, monga kusowa kwa makasitomala ndi kuchepa kwa mpamba, omwe sathetsedwa ndi malangizo a wamba, pomwe oyenda bwino ankafunsa zinthu zogwirika zomwe akanatha kusintha. Ndipo kusankha langizo loyenera pakati pa malangizo asanu omveka bwino kumafuna munthu wodziwa kale bizinesi yake. Apa ndi pomwe pali nkhawa yanga. Chida chomwe chinkayembekezeka kufupikitsa mtunda wa pakati pa amphamvu ndi ofooka chikhoza kuutalikitsa, ngati ofookawo angopatsidwa pulogalamu popanda munthu wowathandiza kusefa zomwe ikunena.

N'chifukwa chake ntchito zomwe AI ikuthandizadi mabizinesi aang'ono ndi zija zosadzionetsera, monga kulemba kalata yokumbutsa ngongole mwaulemu, kukonza mawu otsatsira katundu, kumasulira uthenga wa kasitomala wakunja, kusandutsa zolankhula za pamsonkhano kukhala zolembedwa, kuthandiza kupanga fomula ya mu Excel. Zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi, choti munthu akhoza kuona yekha msanga ngati zatuluka bwino, ndipo cholakwa chimagwidwa chisanatuluke pakhomo.

Zikavuta ndi pomwe AI yasiyidwa kuti izilankhula ndi kasitomala yokha. Mu Febuluwale 2024 bwalo lina la milandu ing'onoing'ono ku British Columbia, ku Canada, linaweruza mlandu wa kampani ya ndege ya Air Canada. Munthu wina yemwe agogo ake anamwalira anafunsa pulogalamu yoyankha mafunso ya pawebusaiti ya kampaniyo za mtengo wotsika wa anthu opita kumaliro. Pulogalamuyo inamuuza kuti akhoza kugula tikiti pamtengo wonse n'kudzapempha kubwezeredwa pambuyo pake, zomwe malamulo a kampaniyo sankalola. Kampani inayesa kudzikanira kuti siingayankhe mlandu pa zomwe pulogalamu yanena, koma bwalo linakana, n'kuilamula kulipira ndalama zoposa madola 800 a ku Canada. Kwa kampani ya ndege ndalama imeneyo ndi yochepa. Koma taganizirani bizinesi yaing'ono yomwe pulogalamu yake yalonjeza makasitomala 50 kuti katundu akhoza kubwezedwa nthawi ina iliyonse, kapena yatchula mtengo wa chaka chatha. Lonjezo ndi la bizinesi, ndipo wolipira ndi mwini wake. Chimodzimodzi ku New York mu 2023, woweruza analipiritsa maloya awiri ndi kampani yawo madola 5,000 atapereka kukhoti zikalata zotchula milandu yomwe ChatGPT inangopeka. Kampani ya maloyayo inali yaing'ono.

Ngakhale makampani akuluakulu akubwerera m'mbuyo pena. Kampani ya zachuma ya Klarna ya ku Sweden inalengeza mu Febuluwale 2024 kuti AI yake ikugwira ntchito yofanana ndi ya anthu 700 oyankha makasitomala. Mu 2025 mkulu wa kampaniyo anavomereza kuti kuika mtima wonse pa kuchepetsa ndalama kunatsitsa ubwino wa ntchito, ndipo anati ayambanso kulemba anthu. Kwa bizinesi yaing'ono phunziroli ndi lolemera kwambiri, chifukwa chomwe imaposera kampani yaikulu nthawi zambiri ndi choti kasitomala amadziwika ndi dzina ndipo dandaulo lake limamvedwa ndi munthu wokhala ndi mphamvu yolikonza. Kupereka gawo limeneli kwa makina ndi kutaya chuma chomwe wamkulu sangachigule.

Nkhani ya zinsinsi nayo anthu amaitenga mopepuka. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito mapulogalamu a AI olemba mawu pa makompyuta a kampani, zitadziwika kuti ena anaika zinsinsi za ntchito mu ChatGPT pofuna thandizo. M'bizinesi yaing'ono mulibe woletsa kapena wolola. Wantchito wolimbikira akhoza kukopera mndandanda wonse wa makasitomala, ndi manambala awo a foni ndi ngongole zawo, n'kuuika mu pulogalamu yaulere kuti imukonzere bwino, mwini bizinesi osadziwa kalikonse. Mapulogalamu ena aulere amaloledwa ndi malamulo awo kugwiritsa ntchito zomwe mwalemba pophunzitsira AI, pokhapokha mutazimitsa nokha, pomwe a mabizinesi olipira kawirikawiri amalonjeza kusatero. Mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo oteteza mbiri za anthu, ndipo lotchuka kwambiri ndi GDPR la ku Ulaya lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018. Lamulo limeneli silikhululukira bizinesi chifukwa choti ndi yaing'ono.

Akuba nawo sanagone. Kumayambiriro kwa 2024 wantchito wa kampani ya zomangamanga ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni kwa achinyengo, atachita nawo msonkhano wa pavidiyo momwe nkhope ndi mawu a mabwana ake zinali zopangidwa ndi AI. Imelo yabodza yomwe kale inkadziwika ndi kulemba kolakwika tsopano imabwera yosalala. Ndiye ngakhale bizinesi yomwe yasankha kusagwiritsa ntchito AI iyenera kusintha kachitidwe kake, mwachitsanzo kuimbira foni pa nambala yodziwika kale musanatumize ndalama ku akaunti yatsopano.

Palinso vuto la chilankhulo. AI imachita bwino m'zilankhulo zomwe zili ndi zolembedwa zochuluka pa intaneti, makamaka Chingerezi, ndipo imapunthwa m'zilankhulo zomwe zolembedwa zake ndi zochepa. Kampani yaikulu imachita malonda ake ambiri m'zilankhulo zikuluzikulu. Wamng'ono amagulitsa kwa anthu a pafupi, m'chilankhulo chawo, mosakaniza ndi mofupikitsa mmene anthu amalembera pafoni, ndipo pamenepo ndi pomwe makina amalakwitsa kwambiri.

Kuchedwa konseku si kwachilendo m'mbiri ya zipangizo. Katswiri wa mbiri ya zachuma Paul David analemba mu 1990 za mmene magetsi analowera m'mafakitale a ku America. Malo oyamba opangira magetsi ogulitsa anatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, koma phindu lenileni pa ntchito za m'mafakitale linadzaoneka m'ma 1920. Poyamba eni mafakitale ankangochotsa injini ya nthunzi n'kuikapo mota imodzi yaikulu ya magetsi, china chilichonse n'kusiya mmene chinalili. Phindu linabwera atapatsa makina aliwonse mota yakeyake n'kuyala fakitale mwatsopano motsatira mmene ntchito imayendera. Bizinesi yomwe yalipira AI koma njira yolandirira maoda, yosungira malisiti ndi yoyankhira madandaulo ili chimodzimodzi ili pa sitepe yoyamba ija. Apa aang'ono ali ndi mwayi umodzi weniweni, woti kusintha kachitidwe ka anthu 8 n'kosavuta kuposa ka anthu 8,000, ndipo wosankha ndi munthu mmodzi.

Antchito sangasiyidwe kunja kwa nkhaniyi. Munthu amene akuona kuti chida chabwera kudzamulanda ntchito sangathandize kuchikhazikitsa, ndipo iye ndi amene amadziwa pomwe ntchito imatsamwa. M'bizinesi ya anthu ochepa aliyense amagwira ntchito zingapo, kotero AI siitenga malo a munthu wathunthu kawirikawiri, imangotenga zidutswa za tsiku lake. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi ntchito zoyambira, monga kulowetsa manambala, kulemba makalata osavuta ndi kuyankha mafunso obwerezabwereza. Ntchito zimenezi ndi zomwe achinyamata amaphunzirirapo bizinesi, ndipo zikatha, odzatha kuona kuti makina alakwitsa adzachokera kuti?

Maboma ena ayamba kuchitapo kanthu, mbali ina ndi malamulo, mbali ina ndi thandizo. Lamulo la AI la European Union linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024, ndipo limaika zinthu monga kusankha anthu olembedwa ntchito ndi kuyeza woyenera kupatsidwa ngongole m'gulu la zoopsa kwambiri, zofuna kuyang'aniridwa ndi munthu. Bizinesi yaing'ono yomwe yagula pulogalamu yosefa makalata ofunsira ntchito imakhudzidwa ndi gawo limeneli ngakhale siinapange pulogalamuyo. Pa thandizo, dziko la Singapore linayambitsa ndondomeko ya SMEs Go Digital mu 2017, momwe boma limayesa mapulogalamu, n'kuika ovomerezeka pa mndandanda, n'kuthandiza mabizinesi kulipira gawo la mtengo wake. Ku Ulaya kuli malo otchedwa European Digital Innovation Hubs, komwe bizinesi ikhoza kuyesa chipangizo isanataye ndalama pogula, ndi kulandira maphunziro. Njira ziwirizi zikulunjika pa zomwe mwini bizinesi yaing'ono alibe, zomwe ndi nthawi yofufuza zida mazanamazana zomwe zikutsatsidwa, ndi munthu wodalirika woti amufunse yemwe sakumugulitsa kanthu. Kumene boma silinafike, mabungwe a amalonda ndi mabanki omwe amakongoza mabizinesi aang'ono akhoza kugwira ntchito yomweyi, ndipo mabankiwo ali ndi chifukwa chawochawo chofunira kuti mabuku a owakongoza akhale olongosoka.